Anayeza Mpweya Wanga, Osafunsa za Maheu

Chizindikiro choyamba ndinachiona kuchimbudzi, mvula itangoyamba. Musaseke, ndikunena zimene zikanandipha. Chimbudzi chinkatuluka chotuwa, chamafuta ngati girizi, chikuyandama, madzi osachikokolola. Fungo lake mayi a Esinati ankatsegula mawindo onse. Ndikadya nyama yonona, m'mimba munkapota mpaka kumsana. Ine Banda, amene ndinaima pang'anjo ya zitsulo mpaka fakitale inatseka, ndinayamba kuboola lamba ndi msomali. Kuno kukomboni kwathu ku Rutendo anthu sachedwa. Ankanong'ona kuti mdala watenga matenda aja.

Mwana wanga Esinati anandikweza kombi, minibasi ya kuno, kupita kuchipatala. Magazi anayeza, matenda ajawo palibe. Dokotala anati mwina ndi kapamba, amene amatulutsa madzi ogaya mafuta m'mimba. Akafooka alipo mapilisi ake, koma sapereka asanatsimikize. Nthawi imeneyo kunabwera anthu a kafukufuku ndi njira yoyeza kapamba pa mpweya.

"Sekuru, mawa mubwere musanadye kanthu," anatero nesi, ponditchula gogo m'chilankhulo cha kuno.

Sindinadye. Anandipatsa buledi wopaka batala wamankhwala, n'kundikhazika pabenchi. Pakapita kanthawi uuzire mpweya m'kabotolo, atseke, ukhalenso. Kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka! Ati makina aona ngati batala uja wagayika n'kutulukira mu mpweya.

Tsono munthu wa pamgodi kapena pang'anjo sayenda wopanda maheu, chakumwa cha ufa wa chimanga ndi shuga. Ndi madzi athu amenewo, tinkamwa pashifiti thukuta lili kamukamu. Chigubu changa ndinali nacho, ndipo ndinkamwa poyera, pabenchi pomwepo. Anesi ankadutsa akuthamanga. Palibe anati siyani, palibe anafunsa.

Zotsatira zinati kapamba ali bwinobwino. Anandibweza ndi mankhwala a njoka za m'mimba. Njoka, ine!

Mvula inatha, chisanu chinalowa, ine ndikusungunuka ngati sopo. Njinga inandikanika. Kutchalitchi ndinasiya, chifukwa jekete inkalendewera ngati yobwereka. Mayi a Esinati ankakalirira kuseri kwa nyumba, kuganiza kuti sindikumva. Tsiku lina ndinagwa pakhomo, Esinati n'kundibwezera kuchipatala.

Ulendo uno ndinakuwa mpaka a pamzere wonse anatembenuka. Ndinati ngati makina akuti ndili bwino, agoneke makinawo pabedi, ine andipatse mankhwala. Dokotala wina, wamkazi, anandikhazika pansi.

"Tsiku lija munalowetsa chiyani m'kamwa, Sekuru? Ngakhale chakumwa."

Nditatchula maheu anagwira mutu. Anati chimanga ndi shuga wa nzimbe zili kale ndi chinthu chomwecho chimene makina amafunafuna mu mpweya. Makina anawerenga maheu anga n'kumati batala wagayika.

Mkwiyo wanga uli pamenepa. Mubweretse kuyeza kodana ndi chimanga m'dziko limene mwana amayamba phala asanamere mano, osatiuza? Ine sukulu sindinapite nayo patali, koma ndikanauzidwa ndikanamva. Pang'anjo tinkayamba taona chimene chalowa tisanaweruze chimene chatuluka.

Dokotala uja anatumiza chimbudzi chenichenicho kukayezedwa, ndipo kapamba anapezeka wofooka. Anandiyambitsa mapilisi omwera pa chakudya chilichonse, mowa anandiletseratu. Patapita milungu ingapo fungo lija linatha, mawindo anatsekedwa.

Lero lamba wabwerera pafupi ndi bowo lake lakale. Njinga ndikupalasa mpaka kumsika, ndipo aja ankanong'ona amandipatsa moni akuyang'ana pansi. Mapilisi ndidzamwa mpaka kufa, ndavomera.

Inu anzanga, chimbudzi chikasintha, thupi likutha, pitani msanga, manyazi asiyeni pakhomo. Akakuyezani mpweya, afunseni za sadza, nsima yathu ija, za maheu, za tiyi wa shuga, ngakhale iwo asakufunseni. Ndipo akati muli bwino pamene buluku likugwa, bwererani mukakuwe. Ine ndinachedwa kukuwa, ndipo mkazi wanga anali atayamba kale kundilira.