Ku Bundabunda Kwayamba Kugwa Sinoo

Lachisanu lapitali sindinapite ku ntchito ku Lusaka. Linali tsiku la makolo kusukulu ya mwana wanga Taonga, wa Giredi 6. Sukuluyo ili konkuno ku Silverest, imodzi mwa zija zamera pakati pa mapuloti, za mpanda wopaka penti wowala ndi chikwangwani cholonjeza maphunziro a pa kompyuta. Uthenga wa pa gulu la makolo la pa foni unati ndisalephere kubwera, chifukwa kompozishoni ya Taonga yaposa zonse ndipo ionetsedwa pa sikirini yatsopano.

Atate anga anali kwathu sabata imeneyo. Anachokera ku Bundabunda kudzaonetsa diso kuchipatala. Atamva kuti mutu wa kompozishoniyo ndi "Mudzi wa agogo anga," anaitanitsa simbi n'kusita okha malaya.

"Nifuna nikamve m'mene wanilembera mdzukulu wanga," anatero.

Tinakhala kutsogolo. A hedi analankhula nthawi yaitali za dziko limene likuthamanga, ndi za ana athu amene sadzatsalira. Kenaka anthu atatu anagwada kuseri kwa sikirini kufunafuna pobaya chingwe. Itayaka tinaomba m'manja ngati kwabadwa mwana.

Kompozishoniyo inali m'Chingelezi. Atate Chingelezi chawo ndi cha moni basi, choncho ndinayamba kuwamasulira monong'ona.

Mudzi wa agogo a Taonga, sikirini inatero, uli m'munsi mwa mapiri okutidwa ndi sinoo. Misewu yake ndi yoyala miyala. Agogo amadzuka m'mamawa kuphika buledi, ndipo madzulo amaliza vayolini pakhonde. Nyengo yozizira mtsinje umauma gwa, ana n'kumaseweretsa mapazi pamwamba pake.

Ku Bundabunda kumeneko, abale anga. Kumene mu Okutobala ngakhale nkhuku imayenda kukamwa kuli yasa.

Ndinawamasulira mpaka pa vayolini. Atate anatembenuka, nandiyang'ana ndi diso lawo labwinolo.

"Iwe, ni agogo ati amenewa? Kapena amake Taonga ali na atate ena amene sitiwadziwa?"

Mayi wina kumbuyo kwathu anandikodola. "Ba neba, na mwana wanga analemba vamene ivi. Ati ambuya bake baphika buledi. Ambuya bake ni basodzi, buledi baiona chabe mu shopu." Bambo wina pambali anangoweramitsa mutu. Ndikuganiza kuti nayenso kwawo kunagwa sinoo.

Apa ndiulule tchimo langa musanalimve kwa ena. Masabata awiri m'mbuyomo Taonga anabwera kwa ine ndi kope, ine nditangotsika minibasi, msana uli ngati wamenyedwa ndi mpini. Anati, "Adadi, nithandizeni homuweki." Ndinamupatsa foni yanga n'kunena kuti, "Funsa iyi, idziwa vonse." Mu foniyo muli kapulogalamu kaja koyankha chilichonse chimene wakafunsa. Kanayankhadi.

Tinabwerera kunyumba. Atate tiyi anamukana. Anakhala pampando panja, chipewa chili pa bondo, ndipo anati, "Mwana achita manyazi na kwathu. Wachita kubwereka mudzi wa eni ake."

Mawu amenewo anandilasa, koma amene analira ndi Taonga, yemwe anali pakhomo akumva zonse. Anathamangira m'chipinda n'kubwera ndi kope lake.

"Agogo, ninalemba yanu poyamba. Iyi apa. Koma tabuleti inaikana."

Tinafunsitsa, ndipo nkhani inatuluka. Kusukuluko ana amalemba kompozishoni pa tabuleti, ndipo pulogalamu ndiyo imachonga. Taonga atalowetsa yake yoyamba, pulogalamu inadula mizere yofiira pansi pa "Bundabunda," pansi pa "nkhokwe," pansi pa "chikochikale." Inamuuza kuti mawu amenewa kulibe. Inamupatsa anayi pa khumi. Mwana anaona kuti choona sichikhoza mayeso, ndiye anabwera kwa ine, ine n'kumutumiza kwa foni. Mudzi wa sinoo unapeza khumi pa khumi.

Mwaiona ntchito yake? Makina analemba, makina anachonga, makina anaonetsa pakhoma, ife n'kuomba m'manja. Pa ulendo wonsewo palibe munthu ndi mmodzi yemwe amene anawerenga.

Ndinamuuza Taonga kuti awerengere agogo ake yoyambayo, akumasulira yekha. Inali nkhani ya tsiku limene ng'ombe za atate zinathawa ndi chikochikale, ngolo yawo ija, chodzaza chimanga. Analemba kuti ng'ombe imodzi dzina lake ndi Boma, chifukwa imayenda ikafuna yokha. Analemba kuti agogo anathamangira ngoloyo ndi nsapato imodzi, akutukwana mawu amene iye sangawalembe m'kope la kusukulu, ndipo chimanga chinamwazika mpaka pa mjigo, mbuzi za mudzi wonse n'kuchita phwando.

Atate anayesa kuumitsa nkhope, koma inawakanika.

"Wanama pa malo amodzi," anatero. "Nsapato sininaitaye. Ninaivula dala kuti niponyere Boma."

Anapempha kuti tsambalo ling'ambidwe apite nalo kumudzi. Taonga anachita kukopera lina.

Lolemba ndinapita kwa aphunzitsi ake, a Sakala, mayi wofatsa amene waphunzitsa zaka zambiri. Ndinanyamuka ndi ukali, koma popeza theka la mlandu linali langa, ukaliwo unathera pa geti. Ndinangowapatsa kope. Anawerenga ataimirira, ndipo atafika pa mbuzi anakhala pansi ndi kuseka.

"Iyi ndiye kompozishoni," anatero. Kenaka anatsitsa mawu. "Ba Phiri, nikuuzeni chilungamo, ija ya sinoo sininaiwerenge. A hedi anatiuza kuti pulogalamu ichonga bwino kupambana ife, ise tizingotenga mamakisi. Nthawi yamene ninali kuchongera, manje nijambula bana bali na matabuleti, nitumize ku gulu ya makolo. Tsiku nikapanda kutumiza, imwe makolo mufunsa ngati bana baphunzira."

Ndinafuna kukana, koma ndinakumbukira kuti zithunzi zimenezo ine ndimakhala woyamba kuziyikira chala cha m'mwamba.

Musandimve molakwa, owerenga. Sindikunena kuti tibwerere ku sileti. Ndaona mphunzitsi akuonetsa ana pa foni yake yong'aluka m'mene mtima umapopera magazi, ana n'kumvetsa pa mphindi zochepa zimene ife tinaloweza chaka chathunthu osazimva. Chida chikakhala m'manja mwa mphunzitsi amene akudziwa chimene akufuna, chimagwira ntchito. Vuto lathu ndi lakuti tagula khasu n'kuuza mlimi kuti akhale pambali aziliwombera m'manja.

Ndipo tikudziwa chifukwa chake. Tabuleti imaoneka bwino pa chithunzi. Mphunzitsi amene wawerama pa kope ndi bolopeni yofiira saoneka bwino pa chikwangwani cha pamsewu. Eni sukulu akudziwa kuti ife a m'mapuloti, amene timachoka kusanache n'kubwera dzuwa litalowa, tilibe nthawi yotsegula kope. Tikufuna umboni wofulumira woti mwana ali patsogolo, woti tiuonetse anzathu ku ofesi. Ndiye amatipatsa sikirini yaikulu ngati chitseko, ife mitima pansi.

Pamisonkhano akuluakulu amadandaula kuti ana a kumidzi atsalira chifukwa alibe intaneti. N'zoona, ndipo n'zowawa. Koma za ana a m'tauni amene ali nayo intaneti, n'kumaphunzira kuti dzina la mudzi wawo ndi kulakwitsa kalembedwe, ndani akudandaula? Mwana wa zaka khumi ndi chimodzi waphunzira kale kuti ukanena zimene unaona ndi maso ako upeza anayi, ukabwereka bodza losalala upeza khumi. Phunziro limenelo silili pa silabasi, koma ndi limene lalowa. Mwana ameneyu mawa adzakhala nesi wolemba lipoti la wodwala, kapena wa ku khonsolo wolemba kuti msewu unakonzedwa. Tidzadabwa chiyani?

A Sakala anandilonjeza kuti ayambanso kuwerenga okha, ngakhale a hedi akwiye. Ine ndinalonjeza Taonga kuti akabwera ndi kope, foni izikhala m'thumba. Lachitatu anabwera ndi masamu a tizigawo, ndipo ndinatuluka thukuta ngati ndikukankha minibasi. Tinalakwa awiri, tinakhoza atatu, koma tinalakwa tokha.

Tsono inu amene mwana wanu amabwera ndi khumi pa khumi sabata iliyonse, ndipo mumatumiza chithunzi chake kwa achibale onse mpaka ku Chipata, tandiuzani: ndi liti pamene munthu wamoyo, wa maso awiri, anakhala pansi n'kuwerenga zimene mwanayo analemba?