Kaseti ya mayi wa ku yunivesite

Linali Lachiwiri, m'mwezi wa Malichi 1991, teni koloko m'mawa, pamene a manijala anandiitanitsa. Ndinali kalaliki wa pasikelo yoyezera masamba pa esiteti ina ya tiyi ku Honde, chigwa cha kufupi ndi Mutare. Mu ofesi ndinapezamo mayi wina wa ku Harare, atafumbata kawailesi kojambulira mawu.

A manijala anati mayiwo akuphunzira digiri yachiwiri ya zachitukuko ku yunivesite ya kunja, ndipo akamaliza adzagwira ntchito m'mabungwe othandiza maiko osauka. Mayiwo ankafuna kucheza ndi akuluakulu ochokera ku Malawi. Chinyanja sankachimva, choncho ine ndikhale womasulira.

Mtima wanga sunakhazikike. Wothandiza osauka, bwanji akuyenda pa galimoto ya a manijala? Komanso pa mndandanda umene anapatsidwa, dzina loyamba linali la bambo anga.

Dzinalo silinali lawo. Bambo anachoka ku Mulanje ali mnyamata, opanda chitupa. Msuweni wawo atamwalira paulendowo, anatenga chitupa chake n'kulembedwa nacho ntchito yosesa m'fakitale. Nyumba ya kukomboni imene ankakhalamo ndi amayi inalinso pa dzina lomwelo. Ndinkaopa kuti zikadziwika awatulutsa, ndipo kwina kopita analibe.

Masana tinakawapeza atakhala pansi pa mtengo wa mapeyala. Mayiwo anaika kawailesi pampando n'kundiuza m'Chishona kuti ndiwafunse dzina.

Bambo anaseka. "Liti? La kuntchito kapena la kwathu?"

Ine ndinamasulira kuti akuti dzina lili kale papepala. Kenaka ndinawauza chapansipansi, "Bambo, kanthuka kakumva zonse."

"Kasiye kamve. Zaka makumi anayi palibe wandifunsapo. Iweyo unandifunsapo liti?"

Anafotokoza zonse: malungo amene anagwira msuweniyo, manda amene anakumba ndi khasu lobwereka m'mbali mwa njira ku Mozambiki, ndi tsiku loyamba kuitanidwa dzina la malemu, iwo osacheuka. Zina mwa izi ndinali ndisanazimvepo. Koma kwa mayiwo ndinkanena za mvula ndi kulemera kwa madengu a tiyi.

"Ayankhula nthawi yaitali, inu mwanena mawu atatu okha," anatero mayiwo.

"Akuluakulu amabwerezabwereza," ndinayankha.

Pobwerera ndinawafunsa kumene kasetiyo ikupita.

"Kusukulu kwathu. Kuli mnzanga wa ku Zomba, adzamvetsera n'kundilembera zonse. Buku likatha, limodzi ndidzatumizira a manijala powathokoza. Maina ndidzasintha, musadandaule."

Apo ndinazindikira kuti mabodza anga onse anapita pachabe. Dzina akhoza kusintha, koma wosesa m'fakitale wochokera ku Mulanje analipo mmodzi yekha pa esiteti yonse.

M'mawa mwake ndinapempha mnzanga andigwirire sikelo, n'kupita ku Hauna, katauni kokwererako mabasi. Mayi aja ndinawapeza akudikira basi ya ku Mutare.

"Mayi, bambo abweza mawu awo. Ndadzatenga kaseti ija."

"Abweza iwowo, kapena inu?"

"Ine."

Anandiyang'anitsitsa, osafunsa chifukwa. Anatsegula chikwama. Munali makaseti asanu ofanana, onse osalembedwa kanthu. Anasankha imodzi n'kundipatsa, mosavuta kuposa mmene ndinkayembekezera.

"Mukudziwa bwanji kuti ndi imeneyi?" ndinafunsa.

"Ndimawaika m'ndondomeko yake."

Basi inafika, iwo n'kukwera. Wailesi ya kaseti ndinalibe. Amene anali nayo kukomboni anali kapitawo wathu, ndipo akanafuna kumvera nawo. Ndinabwerera wapansi, kasetiyo ili m'thumba la malaya. Nditafika kuseri kwa fakitale ndinaiponya m'ng'anjo youmitsira tiyi, ndisanadziwe kuti munali mawu a ndani, n'kupita kukalandira sikelo yanga.