Tsiku Limene Azakhali Anasoka Shati Yokwana

Pabanja limeneli palibe amene anavalapo chovala chomukwana pa tsiku lake lobadwa, ndipo mlandu wonsewo ndi wa azakhali. Azakhaliwo ndi telala. Amasokera pakhonde la sitolo ya zitsulo, pakati pa wokonza maambulera ndi wogulitsa maloko. Ndi mayi wamfupi, wa magalasi omangidwa ndi ulusi mbali imodzi, ndipo tepi yoyezera siichoka m'khosi mwawo ngakhale popita ku ukwati.

Musaganize kuti sadziwa ntchito. Makasitomala amawayeza bwinobwino, chovala n'kukhala pathupi ngati anabadwa nacho. Koma wachibale likayandikira tsiku lake, tepi ija imapita kutchuthi. Azakhali amangomuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kutsinzina diso limodzi, basi n'kudula nsalu yokwana anthu awiri. Ukati udandaule, yankho ndi limodzi lomwelo: "Mudzakuliramo."

Mawu amenewa sanawatole panjira. Ali kamtsikana, achimwene awo aakulu atangoyamba ntchito ya ukondakitala anawagulira deresi yoyamba ya m'sitolo. Inali yaikulu moti poyenda ankasesa nayo bwalo. Kamtsikanako kanalira, koma achimwene anangokagwira pamutu n'kunena kuti, "Tonthola iwe, udzakuliramo." Kanakuliramodi, n'kuivala mpaka inatha pamapewa. Kuchokera pamenepo azakhali amakhulupirira kuti kupatsa munthu chovala chachikulu n'kumuuza kuti mawa adzakhalapo.

Ndiye pabanjapo panamera mwambo wawowawo. Mphatso ya azakhali imabwera itakulungidwa m'nyuzipepala, yomangidwa ndi kansalu kotsala podula. Mwini tsiku amalowa kuchipinda kukavala, ena onse n'kukhala pabalaza atagwira masipuni ndi makapu. Chitseko chikangotseguka amayamba kuimba makapuwo, ngwe ngwe ngwe, munthu uja akuyenda m'kanjira ka m'nyumba atanyamula nsalu kuti asapunthwe. Akafika pakati amatambasula manja kuti onse aone mmene yalendewera, ndiyeno nyumba yonse imakuwa pamodzi kuti, "Mudzakuliramo!" Kenako chithunzi.

Zithunzizo zadzaza khoma la pabalaza kwa achimwene, ndipo mlendo akaziona amatsamwa ndi tiyi. Pali mkamwini, mphunzitsi woonda ngati rula yake, atavala thalauza imene lamba wake wafika m'khwapa. Pali mwana wa achimwene, amene ndi namwino, atalowa m'deresi imodzi ndi mng'ono wake, malo n'kutsalabe. Pali khanda limene linasokeredwa kabudula amene linadzamuvala poyamba sukulu. Mkamwini uja anayesapo kubweretsa miyeso yake yeniyeni mwaulemu wonse. Azakhali anamuthokoza kwambiri, n'kumusokera jekete imene manja ake ankafika m'mawondo.

Mwa onsewa, amene ankakuliramodi ndi achimwene okha. Atakwezedwa kukhala dalaivala wa basi, mimba inayamba kutsogola mwini wake akubwera m'mbuyo. Chaka chilichonse azakhali ankawonjezera nsalu, chaka chilichonse achimwene ankaidzaza, ngati akupikisana. "Inetu ndiye umboni wa mlongo wanga," ankatero akudziguguda pamimba. "Enanu ndinu aulesi chabe, simudya."

Kenako anadwala. Anakhalitsa m'chipatala, anawachita opaleshoni, ndipo atatuluka anali theka la munthu uja. Wotchi inkatsetsereka mpaka pachigongono. Mashati onse a mlongo wawo anali kulendewera ngati awakoleka pamsomali. Azakhali atapita kukawaona anawapeza pampando pakhonde atavala shati ya chaka chatha, ndipo anaona mmene mnzawo wa achimwene wa kuntchito anawayang'anira pakhosi n'kuthawitsa maso msanga. Achimwene nawo anaona, n'kukoka kolala kuti abise mafupa.

Zimenezo zinawapweteka azakhali kuposa kudzibaya ndi singano ya makina. Tsiku lobadwa la achimwene linali pafupi. Akawasokera chihema cha masiku onse, munthu wodwala adzayenda m'kanjira kaja akusambira m'nsalu, anthu akuseka. Ayi, zimenezo sakanalola. Anaganiza zochita chinthu chimene sanachitepo kwa wachibale aliyense: kuyeza.

Koma munthu umamuyeza bwanji iye osadziwa? Anagwirizana ndi alamu awo, akazi a achimwene. Alamu anayambitsa dala mkangano wa kiyi wa kabati amene anali m'thumba mwawo momwemo, ndipo achimwene ali mkati modziteteza, azakhali anawakumbatira chakumbuyo, tepi ili m'manja.

"Iwe, chikondi chimenechi chayamba liti?" anafunsa achimwene.

"Khalani chete, pali kangaude pamsana panu."

"Kangaudeyo wafikanso m'khwapa?"

"Akuthamangatu. Kwezani mkono. Winawo."

Azakhali anatuluka akubwereza manambala chamumtima, mpaka anadutsa wokonza maambulera osamuyankha moni. Nsalu anali atagula kale, yabuluu, yokwana anthu awiri monga mwa chizolowezi. Anaiyala patebulo, n'kujambula ndi choko thupi latsopano la achimwene. Linali laling'ono pakati pa nsalu yonse ija moti anavula magalasi n'kuwapukuta, ngati vuto ndi magalasiwo. Anatenga sizasi, n'kuibweza. Shati imene akanaimaliza tsiku limodzi inawatengera sabata, makasitomala akudandaula. Itatha panalibe kansalu kotsala komangira, moti anapempha chingwe kusitolo ya zitsulo.

Tsikulo litafika, nyumba inadzaza masana dzuwa lili pamutu. Namwino anaphika keke imene inapendekeka mbali imodzi, iye n'kumalimbikira kuti ndi sitayilo. Mkamwini anabwera atavala dala jekete yake ija, akugwira anthu chanza ndi nsalu chifukwa dzanja silinkaoneka. Adzukulu analanda masipuni onse m'khitchini mpaka wina anatsala ndi chotsegulira mabotolo. Anthu ankaseka kwambiri, mwina kupitirira muyeso, monga amachitira anthu amene akhala nthawi yaitali akunong'ona m'makonde a chipatala.

"Lero mwamanga ndi chingwe?" anatero achimwene polandira phukusi. "Bizinesi yagwa?"

"Pitani mukavale, musatichedwetse keke."

Azakhali anakhala pamphepete pa mpando akumwetulira okha. Ankadziwa kuti asoka bwino. Chitseko chinatseguka, makapu anayamba kulira, ndipo achimwene anatulukira.

Abale inu, shatiyo inawakhala. Mapewa pamalo pake, kolala itagona bwino pakhosi, manja kuthera pomwe dzanja layambira. Ankaoneka ngati mkwati. Anayenda m'kanjira kaja popanda chonyamula, n'kufika pakati, n'kutambasula manja monga mwa mwambo. Panalibe cholendewera.

Masipuni anasiya limodzilimodzi. Mkamwini yekha, amene sachedwa kuyamba zinthu, anakuwa kuti "Mudzaku..." n'kumeza mbali yotsalayo. Palibe amene ankadziwa choti akuwe.

Achimwene anatsitsa manja pang'onopang'ono. Anadziyang'ana pachifuwa, anayang'ana zithunzi za pakhoma, kenako anayang'ana mlongo wawo. Nkhope yawo inali ya munthu amene wamva uthenga.

"Kangaude uja," anatero motsitsa mawu. "Unandiyeza."

"Achimwene, ndimafuna kuti..."

"Iwe sunayezepo munthu wako. Adokotala akuuza chiyani chimene ine sanandiuze?"

Apa azakhali anazindikira cholakwa chawo. Sabata yonse ankaganiza za maso a anthu, osaganiza n'komwe za mmene mwini wake adzaimvere. Iwo omwe, amene zaka zonsezi akhala akuuza banja lonse kuti nsalu yotsala ndi mawa, lero apatsa m'bale wawo wodwala shati yopanda mawa. Alamu anagwira pakamwa. Namwino anayamba kunena kuti zotsatira za kuchipatala zili bwino ndithu, koma bambo ake sankamumva.

Ndiye azakhali anakwiya, chifukwa iwo mantha akawagwira amatulukira kuukali. Anadzuka, magalasi ali pamphuno, n'kupita molunjika.

"Kwezani mkono."

"Kangaude winanso?"

"Ndati kwezani mkono, bambo inu!"

Anagwira m'munsi mwa shati n'kuitembenuza pamaso pa onse. M'kati, motsatira msoko wa m'mbali, munali nsalu yopindidwa bwinobwino, yositidwa mpaka kugona, yotambalala kuposa chikhatho. Anawatembenuza achimwene ngati chidole n'kuonetsa mbali inayo. Chimodzimodzi. Kumsana nako kunali ina, yopindidwa kawiri.

"Mukuona? Sizasi inakana. Ndinajambula ndithu, koma kudula nsalu ya mimba yanu n'kuitaya, manja anga anakana. Yonse ili momwemu, moti munthu wachiwiri uja mwamuvala kale. Ndimangofuna lero muoneke bwino, anthu asakuwerengeni nthiti. Mukayamba kudzaza ndidzamasula ulusi, basi. Mwaona ngati ndakutayani? Ine?"

Mawu omalizawo anatuluka mokhota, ndipo anakhala ngati akukonza tepi m'khosi.

Achimwene analowetsa dzanja m'kati mwa shati, n'kumapapasa nsalu ija ndi zala kuyambira m'khwapa mpaka m'chiuno. Anapapasa nthawi yaitali. Kenako mapewa anayamba kugwedezeka, ndipo palibe amene akanalumbira ngati kunali kuseka kokha.

"N'chifukwa chake ikulemera ngati bulangete," anatero akupukuta m'maso ndi kolala yatsopano. Anatambasulanso manja n'kuyang'ana gulu lija. "Nanga inu mukudikira basi yanji?"

Phokoso limene linatuluka m'nyumbamo linathawitsa mphaka wa aneba. Kapu imodzi inasweka, mkamwini anagwetsa maluwa ndi mkono wa jekete, ndipo "Mudzakuliramo!" anamukuwa katatu chifukwa koyamba alamu anali akulirabe. Chithunzi cha tsikulo chinatuluka chosaoneka bwino, wojambula ankanjenjemera ndi kuseka, koma chili pakhoma pompaja.

Namwino atayamba kudula keke, anawadulira bambo ake kachidutswa kopyapyala ka munthu wodwala. Achimwene anakayang'ana, n'kubweza mbale.

"Dula chachikulu, mwanawe," anatero akusisita msoko wa m'mbali. "Sukuona kuti azakhali ako andipatsa ntchito?"