Mileme Yomwa Magazi ndi Kalata ya Azakhali

Chaka changa chachiwiri ku yunivesite ndinkakhalabe ndi azakhali anga ku Romford, mlongo wawo wa bambo. Ndinkaphunzira za zinyama, ndipo vuto langa chibadwire ndi loti nkhani ndikaigwira imakula yokha.

Lamlungu lina titachoka ku tchalitchi kunabwera alendo, tikumwa tiyi ndi chigumu. Ndinayamba kuwauza za mileme ya ku South America imene imakhalira magazi okhaokha. Poyamba ndimanena zoona. Kenaka nditaona kuti anthu asiya kutafuna, ndinathira mchere. Ndinati mleme umodzi ukatambasula mapiko ukhoza kuphimba basi, ndipo ng'ombe ikayamwidwa imatsala ngati jumbo yopanda kanthu. Ndinamaliza n'kuti chipatala chathu chino chinagula mileme khumi, manesi akatopa ndi ma blood test amangoitulutsa.

Onse anaseka, kupatula azakhali.

Iwo anali ndi kalata yoti Lachiwiri akayezetse magazi. Kwa miyezi ingapo ankamva chizungulire, masitepe a pa siteshoni ankakwera mopumira kawiri. Lolemba m'mawa ndinaipeza kalatayo itakankhidwira pansi pa microwave.

“Zakhali, appointment ija ndi mawa.”

“Sindipita.”

“Aa, zija ndimangocheza!”

“Ndikudziwa kuti umanama, iwe ukati kunja kwacha ndimayamba ndasuzumira. Koma wandikumbutsa za anamapopa.”

Anandiuza kuti ali mtsikana ku Mulanje kunamveka mphekesera za anthu opopa magazi, ndipo iwo ndi amayi awo anagona panja ndi mudzi wonse masiku ambirimbiri. Mutu wawo unkadziwa kuti nesi ndi nesi basi. Mtima ndi umene unakana. Ndipo akaphonya tsikulo, lina lidzapezeka patapita masabata, chizungulire chili pomwepo.

Ndiye kwa nthawi yoyamba m'moyo ndinayenera kuifupikitsa nkhani. N'zowawa, ndikuuzeni.

Ndinakhala nawo pa sofa ndi foni, ndikuwaonetsa vidiyo ya mleme weniweniwo. Kanthu kake n'kochepa, kokwana m'dzanja ngati mbewa. Sikagwera ng'ombe kuchokera kumwamba, kamatera pambali n'kumayenda chodumphadumpha ngati chule. Mphuno yake imamva pofunda, pamene magazi ali pafupi ndi khungu. Kamacheka pang'ono ndi mano akuthwa ngati lezala, ndipo sikayamwa ayi, kamanyambita ngati mphaka pa mbale. Malovu ake amaletsa magazi kuundana. Ng'ombe nthawi zambiri sidzuka n'komwe.

“Ndiye kamamwa ochuluka bwanji?”

“Sipuni imodzi kapena ziwiri.”

“Sipuni yake ya iwe kapena ya anthu?”

“Ya anthu, zakhali. Ndalumbira.”

Anangoti hmm. Sanakhutire. Ndiye ndinawauza mbali imene ineyo ndimaikonda, imene pa tiyi paja ndinaisiya poti inalibe zoopsa. Kamleme kameneka kakakhala masiku awiri kapena atatu osadya kamafa. Tsono wina akabwera chimanjamanja, mnzake amene wakhuta amamubwezera mkamwa pang'ono mwa magazi amene wamwa. Ndipo amakumbukira. Amene anakugawirapo ndi amene nawe umamugawira.

Apa azakhali anavala magalasi n'kulanda foni.

Muwamvetse azakhali. Loweruka lililonse amakwera sitima ya Elizabeth line ndi chikwama cha makontena, kukasiya nyemba ndi mpunga ku Ilford kwa aliyense wa mpingo amene wadwala kapena ntchito yamuthera. Pa chivindikiro chilichonse analembapo chilembo chawo, ndipo amadziwa bwino kontena imene inabwerera ili ndi kanthu ndi imene inabwerera yotsuka chabe.

“Ndiye ndi anthu abwino awa,” anatero. “Akuposa ena a kwaya.”

Anaonera kawiri. Kenaka anadzuka, n'kukasolola kalata ija, n'kuipukuta mafuta ndi chitenje.

“Ukandiperekeza. Ndipo pakamwa pako ukatseke mpaka tituluke.”

Tinapita pa basi. Nesi anatenga timabotolo tiwiri, azakhali akuyang'ana kudenga n'kumang'ung'udza nyimbo ya tchalitchi. Amene anaona mdima ndi ine, katswiri wa mileme. Anandikhazika pampando n'kundipatsa madzi. Ndikamafotokozera anzanga ndimati ndinakomoka maola atatu, koma zinali mwina mphindi imodzi.

Zotsatira zinati magazi awo ndi ochepa, anawapatsa mapilisi a ayironi. Pano masitepe aja amakwera akundisiya m'mbuyo.

Koma nkhani ya kugawana ija sinandithere bwino. Tsiku lomwelo titafika kunyumba kuchokera kuchipatala, ndikutsegula fuliji monga mwa nthawi zonse, azakhali anandifunsa.

“Iwe, zaka ziwiri ukunyambita muno. Unandibwezerapo chiyani mkamwa?”

Kuyambira pamenepo Lachinayi lililonse wophika ndi ine. Mpunga wanga amati ngakhale mleme wa njala ya masiku atatu ungaukane, koma amamaliza mbale.