Chikhomo Choyenda cha ku Zakazaka

A Mwanamvua a ku Zakazaka anali mayi wosalandira kanthu asanakatembenuze. Mukawabweretsera nkhuku yamphatso, ankayamba aitambasula mapiko kuona ngati ili ndi utitiri, kenako n'kumathokoza. Anthu ankawaseka, koma amene ankadziwa kumene anachokera sankaseka kwambiri.

Anabadwira kufupi ndi Domasi ndipo anakwatiwa ali wamng'ono ndi che Lajabu, amene ankacheka matabwa m'nkhalango ya paini pa phiri la Zomba. Zaka za ukwati wawo anazithera m'mbali mwa msewu wokwera phiri, beseni la mapichesi, mabulosi ndi magalagadeya lili m'manja, kuthamangira galimoto iliyonse yochepetsa liwiro pakona. Chaka cha riferendamu mtengo unawagwera che Lajabu. Abale a mwamuna anabwera pamaliro n'kulira mokweza kuposa wina aliyense. Sadaka itangotha, anthu omwewo ananyamula macheka, njinga, ndi malata amene banjalo linkasunga pansi pa bedi. Mlamu wawo wamkulu anachita kuwagwira dzanja a Mwanamvua n'kuwauza mofatsa kuti akungowasungira. Kuyambira tsiku limenelo, munthu akamawayankhula mokoma ankamuyang'ana m'manja osati pakamwa.

Anatsika phiri ali ndi mwana mmodzi kumbuyo, Zakia. Anagulitsa zipatso mumsika, kenako mandasi ndi samusa kwa ophunzira a ku koleji, mpaka anakwanitsa kugula kamalo ku Zakazaka, m'mphepete mwa msewu wafumbi umene nthawi ya dzinja unkasanduka mtsinje. Njerwa anaumba okha. Pakona ya bwalo anadzala mtengo wa mapeyala, ndipo unakula limodzi ndi Zakia.

Zakia atakwatiwa n'kusamukira ku Liwonde, a Mwanamvua analola bambo wina, Stephano, kumanga kachisakasa ka matabwa kutsogolo kwa nyumba kuti azimeteramo anthu. Stephano anali wouma pakamwa. Sankayamikira munthu, moni ankayankha ngati akumulipiritsa, ndipo lendi ikachedwa sankapepesa. N'chifukwa chake a Mwanamvua ankamukhulupirira. Ankati munthu wosadziwa kunyengerera sangakubere.

Tsidya la msewu kunkakhala a Alufeyo, mesenjala wopuma pantchito, amene anali ndi kagolosale ndi mpanda wabwino wa njerwa zootcha. Iwowa ndiye anali aulemu wosefukira. Moni wawo unkafika mpaka kwa adzukulu a ku Liwonde, ndipo m'komiti iliyonse ya m'deralo, ya maliro kaya ya mjigo, ankapezekamo. Mpopi wa a Mwanamvua ukauma, ankatunga kwa a Alufeyo. Pa Idi ankawatumizira mpunga ndi nyama ya mbuzi, iwo n'kubweza pa Khirisimasi. Anakhala chotero zaka zambiri osayambana, ngakhale a Mwanamvua mumtima ankadzifunsabe kuti ulemu wonsewu ukufuna chiyani.

Mphekesera za msewu wa tara zinkabwera chisankho chilichonse n'kupita nacho. Koma chaka china, mwezi wa Juni, kunaitanidwa msonkhano pabwalo la mpira. Kunabwera akuluakulu a zamalo ndi anthu a kampani yomanga misewu. Bwana wina wa tayi anafotokoza kuti msewu ukulitsidwa, ndipo m'mbali mwake mudutsa ngalande ya simenti. Anati malamulo amalola boma kutenga malo a munthu ngati ntchito yake ndi yothandiza anthu onse, ndipo aliyense wokhudzidwa alandira chipukuta misozi cha nyumba, mpanda, ngakhale mtengo wazipatso.

"Koma ena malo sitikulandani," anapitiriza bwanayo. "Akhalabe anu. Ngalande ingodutsapo basi. Chokhacho, simudzaloledwa kumangapo kapena kudzalapo mtengo, ndipo antchito akafuna kukonza ngalande azilowa."

A Mwanamvua anaimirira, nsalu atamanga m'chiuno. "Bwana, ndifunse nawo. Malo oti sindingamangepo, sindingadzalepo, ndipo mlendo azilowapo osaodira, mukuti ndi anga. Anga pati?"

Anthu anaseka, ena anawomba m'manja. Bwanayo anayankha mawu ambiri, koma a Mwanamvua anangomva kufewa kwa mawu ake, ndipo sanakukonde. Pomaliza anthu anauzidwa kusankha komiti yoti izilumikizana ndi akampani. Dzina loyamba kutchulidwa pa udindo wa tcheyamani linali la a Alufeyo, ndipo iwo anavomera asanamalize n'komwe kuwapempha. A Mwanamvua anachiona chimenecho n'kuchisunga.

Sabata yotsatira oyeza malo anafika ndi makina a miyendo itatu. Ankawatsogolera mayi wina wamng'ono thupi, wovala chisoti choyera, amene anzake ankamutchula kuti a Lily. Anakhoma zikhomo zopaka penti wofiira mbali zonse ziwiri za msewu. Cha kwa a Mwanamvua chinakhomedwa kutsogolo kwa tsinde la mapeyala, mpata wake woti munthu n'kuyalapo mkeka. Chisakasa cha Stephano chinatsala mkati, kumbali ya nyumba. Tsidya lina chikhomo chinalowa m'bwalo la a Alufeyo, kusonyeza kuti mpanda ndi golosale zigwa.

Madzulo a tsiku lomwelo a Mwanamvua anaona a Alufeyo ataimirira pagalimoto ya akampani, akucheza ndi dalaivala, kenako akumupatsa botolo la zakumwa la m'golosale mwawo.

Patapita masiku, akusesa m'mamawa, a Mwanamvua anaona kuti tsache silikulowanso bwino pakati pa chikhomo ndi mtengo. Anaima. Pansi panali kadzenje kokwiriridwa ndi phazi, ndipo chikhomo chinali chitasendera kunyumba. Anatola mwala wosongoka n'kuukwirira pafupi ndi chikhomocho ngati chizindikiro. Lachisanu, pochokera ku mzikiti, anapeza chikhomo chadutsa mwala uja, chadutsanso mtengo, chaima pambali pa chisakasa.

"Stephano, chikhomochi wachiona?"

Stephano sanasiye kumeta. "Ine ndimayang'ana mitu ya anthu, mayi. Koma ganizani nokha. Msewu ukasendera kuno, amene apulumuke ndani?"

A Mwanamvua anali ataganiza kale. Anawoloka msewu osasintha n'komwe zovala za ku mzikiti. A Alufeyo anali pakhonde la golosale ndipo anayamba moni wawo wautali uja.

"Moni musunge, achimwene. Chikhomo changa chamera miyendo. Ndabwera ndidzafunse a tcheyamani kuti chikupita kuti."

"Achemwali, mukutanthauza chiyani?"

"Mukumwetsa madalaivala zakumwa kuti msewu ukhotere kwa mayi wamasiye. Mpanda wanu ndi wa golide?"

Panali anthu ogula, ndipo onse anamva. A Alufeyo anavula magalasi. Anati changa chikhomo chili pomwe anachikhoma, bwerani mudzaone. A Mwanamvua anakaona, ndipo chinalidi pomwepo, koma anati wakuba wanzeru sayamba ndi chake. Kuchokera pamenepo anasiya kutunga madzi tsidya lija. Mpopi ukauma ankayenda mpaka ku mjigo wa kumunsi. Nkhani inafalikira m'Zakazaka monse, ndipo ena amene ankadana ndi a Alufeyo pa zifukwa zawo anayamba kunena kuti komiti yadya. Pamsonkhano wina anawakuwiza mpaka anatula pansi udindo.

A Mwanamvua sanakhutire. Anazula chikhomo n'kuchibweza pamwala paja, koma patapita masiku chinasenderanso. Anayamba kukazingira mandasi panja kuti aziona msewu. Mlendo aliyense woima pafupi ndi chikhomo ankamufunsa chimene akufuna. Zakia ataimba foni n'kunena kuti abwere adzawathandize kuyankhula ndi akampani, anamufunsa kuti ganizo limenelo ndi lake kapena la mwamuna wake. Zakia anadula foni.

Kumapeto kwa Seputembala a Lily anabweranso, tsopano ndi anthu owerengera katundu woti agwetsedwe. Atafika pa a Mwanamvua anayang'ana chikhomo, anayang'ana m'makina, n'kupukusa mutu.

"Ichi wachisuntha munthu."

"Ndakhala ndikunena!" anatero a Mwanamvua, akuloza tsidya. "Wosunthayo ndi uyo."

"Kaya ndani, wangodzivutitsa, mayi. Chikhomo ndi chongokuonetsani inu. Mzere weniweni uli m'makinamu, ndipo sunasinthe." A Lily anauza wantchito wina kuti achibweze pamalo ake. Kenako anafotokoza kuti mpanda ndi golosale ya a Alufeyo zigwa monga anayezera poyamba. Kwa a Mwanamvua kudutsa ngalande yokha, koma mtengo wa mapeyala udulidwa chifukwa mizu yake ingaswe simenti.

Stephano anatuluka m'chisakasa, makina ometera ali m'manja. "Nanga shopu yangayi?"

"Ili kunja kwa mzere, bambo. Siikhudzidwa."

"Siikhudzidwa bwanji? Fumbi lonseli, makasitomala adzadutsa pati? Anthu akulandira chipukuta misozi cha mipanda, ine wa ana awiri ndingotsala chimanjamanja? Ndalowetsamo matabwa atsopano, ndagula malata, miyezi yonseyi ndakhala ndikulimbana ndi chikhomochi..."

Anadziluma lilime, koma mawu anali atatuluka kale. Kasitomala amene anali pampando, mutu wometedwa mbali imodzi, anayamba kuseka. A Mwanamvua sanaseke. Anayang'ana chisakasacho ndipo m'pamene anaona zimene maso awo anakhala akudumpha miyezi yonseyi: denga la pulasitiki linali litasinthidwa ndi malata, ndipo kutsogolo kunali kakhonde katsopano. Iwo ankaganiza kuti bizinesi yayamba kumuyendera.

"Ndiwe, Stephano?"

"Mukanataya chiyani inu?" anayankha mokalipa. "Nanunso mukanalandira zambiri."

Anamupatsa mpaka kutha kwa mwezi wotsatira kuti achoke. Stephano sanadikire n'komwe, anaphwasula chisakasa Lamlungu n'kukweza matabwa pa ngolo.

Wina angaganize kuti apa a Mwanamvua anawoloka msewu kukapepesa. Sanawoloke. Masiku oyamba ankadziuza kuti mwina awiriwo anapangana. Kenako ankati a Lily nawonso sangawadziwe, makina amanena zimene mwini wake akufuna. Tsiku lolandira chipukuta misozi cha mtengo anakana kudinda chala mpaka Zakia, amene anabwera ngakhale sanaitanidwe, atawawerengera pepala lonse mokweza. Atamaliza, a Mwanamvua anapempha mphunzitsi wina amene anali pamzere kuti awerengenso, Zakia ali pomwepo.

Chimakina chogumula chinafika mvula isanayambe. A Mwanamvua anaonerera ali pakhonde pamene mpanda wa a Alufeyo unkagwa, kenako golosale. Mwini wake anaima chapatali ndi mkazi wake, atanyamula sikelo ya m'sitolo. Malo otsalawo anachepa kwambiri, khomo la nyumba linatsala pang'ono kutsegukira mumsewu, choncho anagulitsa n'kusamukira ku Songani kwa mwana wawo. Tsiku losamuka a Alufeyo anatsanzika nyumba iliyonse ya mumzerewo. Atafika pa a Mwanamvua anaima kunja kwa ngalande imene inali itakumbidwa kale, anavula chipewa, anati, "Tsalani bwino, achemwali," n'kupitirira. Kanali koyamba kuti moni wawo ukhale waufupi chotero.

Chaka chinatha. Msewu unathiridwa tara, njinga zamoto zinachuluka, ndipo mandasi anayamba kutha dzuwa lisanakwere. Madzi a mvula anasiya kulowa m'nyumba. A Mwanamvua ankavomereza zimenezi monyinyirika, n'kuwonjezera kuti tidikire tione ngati simentiyo ipirire.

Tsiku lina anamva kuti mkazi wa a Alufeyo akudwala. Anakwera minibasi ya ku Songani atanyamula nthochi ndi shuga. Anawapeza a Alufeyo ataonda, akugulitsa sopo ndi machesi pa kathebulo pafupi ndi msika. Anapita nawo kunyumba, anaona wodwala, anakhala pamkeka. Anakamba za mvula, za mitengo ya zinthu, za amene anamwalira ku Zakazaka. Pamene ankanyamuka, a Mwanamvua anati, maso ali pansi, "Za chikhomo zija, anali Stephano."

"Ndinamva, achemwali. Tsiku lomwelo."

"Nanga bwanji simunabwere kudzandiuza kanthu?"

"Ndinkadikira inu."

A Alufeyo anawaperekeza mpaka pa siteji ndipo anaumirira kuwalipirira minibasi. A Mwanamvua anakana, iwo anaumirirabe, mpaka kondakitala analandira. A Mwanamvua anafika pa nyumba dzuwa likupendeka, ndipo anapeza amuna awiri ovala maovolosi ali m'ngalande ya pabwalo pawo, akuchotsa zinyalala ndi mafosholo. Anaika chikwama pansi, anawafunsa mayina awo, amene wawatuma, ndi kumene akukataya zinyalalazo. Kenako anatulutsa mpando n'kukhala pomwepo kufikira atamaliza.