Mpeni wa Bambo Unandidanitsa ndi Alamu Anga

Inu owerenga, ine ndinanena munthu wosalakwa kuti ndi wakuba, pamaso pa ana ake, chifukwa chomvera anthu amene ngakhale nkhope zawo sindinazionepo.

Ndimakhala ku Lanham, kutsidya kwa nyanja. Bambo anga atamwalira ku Kasungu, ndinabwera kuno ndi mpeni wawo wosendera nyama. Ndi mpeni wosapinda, wokhota kunsonga, wa chigwiriro cha nyanga. Anapatsidwa ndi mzungu wina amene ankamuperekeza kosaka kalekale.

Chaka china alamu anga, amuna a mchemwali wanga, amene kwawo ndi ku Zambia, anaubwereka kuti akasendere mbuzi ya phwando la ubatizo wa mwana wawo. Anakhala nawo milungu itatu. Pobwera unali wonoledwa, ukuwala, ndipo m'maso mwanga unkaoneka ngati wachilendo.

Ndinaujambula n'kutumiza zithunzi pa gulu lina la pa intaneti la anthu otolera mipeni yakale. Wina anati chitsulo ndi chenicheni koma chigwiriro si chake. Wina anati chidindo cha kampani sichikuoneka pamene chimayenera kukhala. Wachitatu, amene anzake onse ankamugonjera, ananenetsa kuti mpeniwo ndi wongotengera, ndipo ngati ndinali ndi weniweni ndiye kuti wina wandisinthira.

Kuyambira pamenepo chilichonse cha alamu chinasanduka umboni. N'chifukwa chiyani anachedwa kubweza? Anaupukutiranji chonchi? Nanga si iwo amene amakonda kuzungulira misika ya zinthu zakale Loweruka? Mkazi wanga anati ndiyambe ndafunsa amayi kumudzi. Ndinamuyankha kuti amayi sadziwa za mipeni.

Lamlungu lina titaweruka ku tchalitchi ndinapita kunyumba kwa alamu ku Alexandria. Ndinaika mpeniwo patebulo ndi kuwauza kuti andipatse weniweni wa bambo anga. Alamu anandiyang'ana m'maso. Kenaka anati, "Mulamu, ndimwe mukamba izi? Ine ningabe chinthu cha atate?" Mchemwali wanga anauza ana kuti alowe kuchipinda, n'kunditsegulira chitseko kuti ndizipita.

Panapita miyezi isanu tisakulankhulana. Tsiku lina amayi anandiimbira, atamva za mkanganowo. Anandifotokozera kuti chigwiriro choyamba chinasweka ine ndisanabadwe, ndipo bambo anakaikitsa china kwa wosula zitsulo pa msika wa Santhe. Chidindo nacho chinatha ndi kunola, chifukwa bambo ankaunola pamwala wa kuseri kwa nyumba zaka zonse zija. Anandifunsa ngati pansi pa chigwiriro pali msomali umodzi wopindika. Ndinayang'ana ndili pa foni pomwepo. Unalipo.

Ndinapita kukapepesa. Alamu anandipatsa dzanja, anati zatha. Koma sizinathe. Akapha mbuzi ndimamvera kwa ena. Mchemwali wanga amayankha foni yanga ndi mawu awiri atatu, ndipo ana aja amene ankandithamangira pakhomo tsopano amandipatsa moni ataima patali.

Anthu a pa intaneti aja sindikuwada. Iwo amadziwa mipeni mmene inachokera ku fakitale, koma sadziwa zimene mpeni umakumana nazo m'manja mwa munthu wosauka amene amaugwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku. Wolakwa ndine, amene ndinali nditakayika kale n'kumangofuna wondivomereza.

Inu owerenga, mukayamba kukayikira m'bale wanu, funsani kaye amene anaona chinthucho chisanafike m'manja mwanu. Ndipo ngati mtima wakana ndithu, musakanene pamaso pa ana ake. Akuluakulu amatha kukhululuka mwaulemu, koma mwana amene anamva bambo ake akutchedwa wakuba saiwala amene ananena.