Diresi lachikasu pathebulo la Dona Rozita

Ndikukumbukira ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi, amayi akugulitsa kaunjika pamsika wa ku Matundo. Kuno ku Tete zovalazi timazitcha kalamidade. Tsiku lotsegula belo ndinkalikonda kwambiri. Waya akangoduka, zovala zinkafufuma, n'kutulutsa fungo la mankhwala ndi la mayiko amene sitinawaonepo.

M'belo lina munatuluka diresi lachikasu la mabatani oyera. Amayi anandiyeza nalo kumsana, n'kunena kuti ndi langa, ndidzavala pa Khirisimasi. Ankalisunga m'thumba pansi pa thebulo lawo, ndipo ine ndikaweruka kusukulu ndinkapita kukalisuzumira.

Masiku amenewo boma linkalimbana ndi mabelo olowa mozemba msonkho. M'mawa wina kunafika a alifandega, aja oyang'anira katundu wolowa m'dziko. Amayi anaonetsa mapepala awo, iwo n'kudutsa. Koma Dona Rozita, mayi wamasiye wa ku Angónia amene ankagulitsa pafupi nafe, anali atagula mabelo otsika mtengo kwa munthu wodzera njira zakutchire. A alifandega anawalanda zonse. Ndinawapeza Dona Rozita masana atangokhala, thebulo lili mbee.

Amayi anayamba ndi kuwadzudzula, poti anali atawachenjezapo kale za munthu uja. Atatha, anavula chitenje chapamwamba, n'kuyamba kuzungulira nacho msika kuwapemphera zovala zoti azigulitsa. Wina anaponyamo malaya, wina siketi, wina mathalauza a ana. Pomaliza anabwera kwa ine.

"Mwanangu, sindikukukakamiza," anatero motsitsa mawu. "Koma thebulo lopanda chovala chokopa maso, anthu amangolidutsa."

Ndinatulutsa diresi lija, n'kukalipachika ndekha pachingwe cha Dona Rozita. Iwo anandigwira mutu ndi manja onse awiri.

Kenaka kunabwera mayi wina wanthabwala atanyamula chijasi chaubweya chimene chinamukanika kugulitsa chaka chonse. Ndani angavale chotere ndi dzuwa la ku Tete? Anawaveka Dona Rozita mokakamiza, azimayi n'kuyamba kuwomba m'manja. Iwo anadzuka, navina thukuta lili kamukamu, msika wonse uli m'phwete. Inenso ndinaseka mpaka kuiwala kuti ndimafuna kulira. Phokosolo linakoka anthu, ndipo bambo wina wogulitsa mbatata wa ku Tsangano anagula chijasicho pomwepo, akuti kwawo kumazizira. Diresi langa linapita madzulo ake ndi mayi wina wa ku Matema.

Dona Rozita anadzukanso pa malonda, ndipo sanagulenso belo lopanda mapepala. Pa Khirisimasi anandibweretsera tinsapato tofiira, tondithina pang'ono, koma ndinativala mpaka titang'ambika.

Kale ndinkadabwa kuti amayi anakwanitsa bwanji kukalipira munthu n'kumupemphera zovala tsiku lomwelo. Lero ndikumvetsa. Sananene kuti a alifandega analakwa, ndipo mnzawoyo sanamubisire kulakwa kwake. Anangokana kuti agone ndi njala chifukwa cha kulakwako.